Pepala la a Chete

Tsiku limenelo mvula inayamba kuwaza kusanache, ija yosanyowetsa msanga koma yosadziwa kusiya. Pofika nthawi ya tiyi, madzi anali atadzaza timaenje ta pabwalo, mawindo a kukhitchini atachita nthunzi. Linali Lachiwiri, tsiku limene a Chete sankapita ku ntchito, komabe anali atamanga kale zingwe za nsapato, atakhala patebulo ndi mapepala awiri patsogolo pawo.

Dzina loti Chete anawapatsa ndi anzawo a ku hotela. Anali atagwira ntchito mu bala ya kumeneko zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kutsuka matambula, kudula mandimu, kudzaza bokosi la ayisi. Mabamani ankabwera n'kumapita, ena aluso, ena ongodziwa kumwetulira, koma a Chete anali pomwepo pakona ya sinki, akukweza tambula kuti aione bwino pa getsi. Tsopano hotela inali itagulidwa ndi eni ena. Eni atsopanowo anabweretsa makina otsukira matambula, ndi lamulo loti wotsala mu bala akhale bamani weniweni, wotumikira alendo, wokhala ndi setifiketi ya sukulu ya ubamani miyezi itatu isanathe. Wopanda pepalalo amusamutsira kochapira zovala, chipinda chapansi chopanda windo, kumene munthu amaswera akumva makina okhaokha.

Manijala, munthu wa msinkhu wa mwana wawo, anawaonetsa mapepala a sukulu ziwiri nawauza kuti hotela ilipira iliyonse mwa izo, asankhe okha. Ponena zimenezi chala chake chinkagogoda pepala loyamba. A Chete anatenga onse awiri nati akaone kaye.

Mwana wawo wamkazi, namwino wa pa chipatala chaching'ono cha m'tauni, ankawerenga mapepalawo mokweza kwinaku akupaka buledi majarini. Sukulu yoyamba inali ya masiku khumi, ndipo aliyense wofika tsiku lomaliza ankatuluka ndi setifiketi. Yachiwiri inali ya masabata asanu ndi atatu, m'mawa katatu pa sabata, kumapeto kwake mayeso. Wolephera ankabwereza ndi gulu lotsatira, ndipo gulu limenelo linali kudzayamba tsiku la manijala litadutsa kale.

"Ababa, apa palibe chosankha," anatero. "Mayeso munalemba liti komaliza? Ine ndisanabadwe. Tengani ya masiku khumiyi tipume."

"Ndikaone," anatero a Chete.

Mwanayo anapukusa mutu nati mayi ake akanakhala moyo bwenzi atawayankhira kale, monga ankachitira kumsika ndi kwa dokotala. Sankanama. Malemu mkazi wawo ankalankhula mokwanira anthu awiri, ndipo chimwalirireni zaka zinayi zapitazo, nyumba inangoti zii. Chimene a Chete sanauzepo munthu n'chakuti iwo sankakonda kulankhula, koma ankakonda kumva anthu akulankhula. Ku bala mawu ankawadutsa pamutu tsiku lonse, mikangano ya mpira, mabodza a amalonda, kuseka kwa anthu amene sanaonane zaka zambiri. Kupita kochapira kukanakhala kuchoka m'nyumba yachete kukalowa m'nyumba ina yachete.

Panja panalira hutala. Anali mlamu wawo, mlongo wake wa malemu, woyendetsa takisi, amene analonjeza kuwaperekeza. Munthuyu pakamwa anatengera kwawo. A Chete asanatseke n'komwe chitseko cha galimoto, iye anali atafunsa kale ngati mwana wasukulu wa imviyu amugulire kabudula ndi chikwama chakumsana, ndi ngati akalakwa aphunzitsi aziitana kholo kapena mdzukulu.

"Koma alamu, za bala mukanafunsa ine," anatero akupukuta galasi lakutsogolo ndi chikhatho. "Ndimaidziwa kuposa inu, kungoti ine ndimaionera mbali inayo ya kauntala."

A Chete anangomanga lamba. Mlamuyo anapitiriza yekha mpaka m'tauni, nawakumbutsa kuti mlongo wake ankakonda kunena kuti anakwatiwa ndi mpando, koma mpando wabwino, wosagwedera.

Sukulu yoyamba inali pamwamba pa sitolo ya mafoni, pamsewu waukulu. Nyimbo zinawalandira akadali pamasitepe. M'katimo munali magalasi oonera nkhope khoma lonse, timagetsi tofiira ndi tobiriwira, ndi mabotolo ambirimbiri odzaza madzi amitundumitundu. Ophunzira ngati makumi awiri anali atazungulira mphunzitsi wawo, mwamuna wa malaya othina amene onse ankamutchula kuti Pulofesa. Botolo linkachoka m'dzanja lake, n'kudutsa kumbuyo kwa khosi, n'kudzatera pa chigongono, ophunzira akujambula pa mafoni.

Ataona alendo, Pulofesa anatsitsa nyimbo nabwera atatambasula manja. Anafunsa kumene a Chete amagwira ntchito, mlamu n'kuwayankhira zonse, ndi zaka zomwe. Pulofesa anaimba mluzu. Anati theka la mabamani a m'tauni anadutsa m'manja mwake, koma munthu wa zaka zoterezi sangamuvutitse ndi kukhala m'kalasi.

"Madala, inu ntchito mukuidziwa kale. Chikusowa ndi chidindo basi. Mubwere tsiku loyamba ndi lomaliza, pepala lanu mulipeza likukudikirani."

Mlamu anawagunda ndi chigongono m'nthiti. Pofuna kuwaonetsa luso, Pulofesa anati awapangira chakumwa cha zipatso, chopanda mowa poti wina ndi dalaivala. Ophunzira anasendera pafupi. Kafosholo kotapira ayisi kanali pomwepo pa kauntala, koma iye sanakayang'ane n'komwe. Anagwira tambula n'kuimiza m'bokosi la ayisi monga munthu atungira madzi mu ndowa. Nyimbo zinali zikadalira chapansipansi, komabe a Chete anamva kaphokoso kena, konga kamene dzino limachita likaluma kamwala. Pulofesa anakweza tambulayo, naona kuti yabenthuka pamlomo, naiponya mu bini chakumbuyo osayang'ana. Inalowa, ophunzira n'kuomba m'manja. Kenako anatenga tambula ina naimiza mu ayisi yemweyo, nathira madzi a zipatso, naika kagawo ka ndimu pamlomo, napereka kwa mlamu.

A Chete anagwira dzanja la mlamu wawo tambula isanafike kukamwa. Anailanda naiika pa kauntala.

"Musamwe. Mu ayisimo muli galasi."

Pulofesa anaseka, ophunzira ena n'kumuthandiza. Anati kachibenthu kakang'ono ngati mchenga kameneko katsikira kale pansi pa bokosi.

"Mwakaona?" anafunsa a Chete.

Pulofesa anatembenukira kwa ophunzira nawauza kuti bala ikadzaza, anthu makumi anayi akukuwa, palibe amene ali ndi nthawi yolira maliro a tambula imodzi. Mlendo amabwera kudzaona manja akuvina, sabwera kudzayendera ayisi. A Chete ankadziwa kuti galasi likagwera mu ayisi silioneka, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha: kuthira madzi otentha mpaka ayisi yense asungunuke, kupukuta bokosi ndi kansalu mpaka m'makona, n'kudzazanso. Anali atachitapo zimenezi kambirimbiri bala itadzaza, mabamani akuwatukwanira kumsana. Koma sanabwere kudzaphunzitsa munthu. Analandira fomu imene Pulofesa anawapatsa, naipinda, nathokoza.

M'galimoto mlamu anayamba wayendetsa lilime m'kamwa ngati kuti wamwa kale, nati akanafa imfa yochititsa manyazi, munthu wodziwa mowa kuphedwa ndi madzi a zipatso. Koma asanafike pa mphambano anali atasintha nyimbo.

"Komabe alamu, ine sindinafe. Pepala ndi pepala, manijala sadzalinunkhiza. Inu za ayisi mukuzidziwa, ndiye Pulofesayo akuonongerani chiyani? Tiyeni tizipita kunyumba, mapanga awiri avumbwitsa."

A Chete anaona kuti mlamu wawo sakunama. Masiku awiri okha, ndipo malo awo mu bala akanatsimikizika. Fomu ija anaimva m'thumba pamtima, yopepuka bwino. Anayang'ana mvula ikutsetsereka pa windo.

"Tiyeni kwinako," anatero.

Sukulu yachiwiri anaisaka kanthawi. Inali kuseri kwa sitolo yogulitsa mapoto ndi ziwiya za m'mahotela, ndipo polowera pake panali kanjira kopanikiza, madzi akudontha kuchokera pa malata. Chipindacho chinkaoneka kuti kale chinali chosungiramo katundu. Munali kauntala ya matabwa yokutidwa ndi chitsulo, masinki awiri, ndi ophunzira asanu ndi mmodzi atandanda, aliyense akuthira madzi a m'botolo m'kakapu koyezera, n'kukhuthula, n'kuyambiranso. Munalibe nyimbo. Pa bokosi la ayisi kafosholo kanali komangidwa ndi chingwe kuti kasasochere, ketulo ili pambali pake. A Chete anaziona zimenezo, mapewa awo n'kutsika pang'ono.

Mphunzitsi wake anali mayi wachikulire, wamfupi, magalasi a maso akulendewera pachifuwa. Anakhala bamani zaka makumi atatu mpaka phewa linakana, ndipo ophunzira ankangowatchula kuti Mayi. Sanawapatse alendowo mpando. Anafunsa kuti wofuna sukulu ndani, maso ali pa mlamu.

"Ngati ndi inu, pepani. Nkhope yanuyo ndi yokhala pa mpando, osati yoimirira."

Mlamu anaseka mpaka kutsokomola, nayamba kufotokoza za hotela ndi lamulo la eni atsopano, koma mayiwo anakweza dzanja nati mwini nkhani ali ndi pakamwa pake. A Chete anatchula ntchito yawo ndi zaka zake, n'kuthera pomwepo. Mayiwo anawayang'ana kuyambira ku nsapato, kenako anatulutsa thireyi ya matambula khumi ndi awiri pansi pa kauntala, nati apatule amene sangapatse mlendo.

Apa a Chete anali kwawo. Anakweza tambula iliyonse pa windo, naizunguza, nayendetsa chala pamlomo pake, nainunkhiza. Ina inali ndi kamzere ka zopaka mmilomo, ina mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, ina madontho a sopo, ina chidindo cha chala m'kati. Anaziika pambali, naonjezerapo yachisanu imene inkawala ngati zinzake.

"Ine ndinaipitsa zinayi," anatero mayiwo.

"Thaulo lonyowa," anatero a Chete.

Mayiwo ananunkhiza tambulayo, nafunsa amene anapukuta m'mawa umenewo. Mtsikana wina wamtali anakweza dzanja mwamanyazi, nauzidwa kuti thaulo lake akalichape lero lomwe. Mlamu anatukumula chifuwa ngati wapambana ndi iyeyo.

"Manja muli nawo, mphuno muli nayo," anatero mayiwo. "Tione pakamwa."

Anawalowetsa a Chete kuseri kwa kauntala nawafotokozera masewera oti achite. Mayiwo akhala mlendo amene wamwa mopitiriza, makiyi a galimoto ali m'manja, ndipo akufuna ina. A Chete amukanize osamuchititsa manyazi, osaitana mlonda. Atatero mayiwo anakwera pa mpando wautali, nagwetsa phewa, nkhope n'kulefuka, moti ukanalumbira kuti aswera pa botolo. Anamenyetsa tambula pa chitsulo.

"Bamani, ina."

Ku hotela zoterezi zikayamba, a Chete ankatembenukira ku sinki n'kutsegula mpope, nkhaniyo n'kukhala ya bamani. Pano kunalibe wina. Anatunga madzi m'tambula yoyera naika patsogolo pa mlendo. Mayiwo anaikankha.

"Ndati ina. Kodi ndiwe wogontha?"

A Chete anayang'ana pansi. Dzanja lawo linapeza kansalu, nayamba kupukuta malo oyera kale. Ophunzira anali atasiya kuthira madzi.

"Ayi," anatero pamapeto pake.

"Ayi chiyani? Ukundinyoza ine? Ukundiona ngati sindingalipire?"

A Chete anapitiriza kupukuta. Mayiwo anadikira pang'ono, kenako anaongoka, nkhope n'kubwerera m'malo mwake. Anawauza mosapita m'mbali kuti mlendo ameneyo pofika pano wapita kale kwa manijala, kapena waponya tambula. Madzi aja anali nzeru yabwino, koma munthu woledzera ukamukhalira chete amamva ngati wamulavulira. Mayeso awo ali ndi zigawo zitatu, kuyeza zakumwa, ukhondo, ndi kulankhula ndi mlendo, ndipo wogwa chimodzi wagwa zonse. Mwa anthu asanu ndi mmodzi, awiri amabwereza. Anati sangawalonjeze kanthu. Ngati chikufunika ndi pepala lokha tsiku lisanakwane, pamsewu waukulu pali sukulu yachangu, ndipo kupita kumeneko si mlandu.

Mlamu anawakoka malaya a Chete mpaka m'kanjira kaja, pansi pa malata odontha. Nthabwala zinali zitamuthera. Anati mayiwo anena okha, chatsalanso n'chiyani? Munthu amene pa ukwati wake anangogwedeza mutu, m'busa n'kuchita kufunsa kawiri, angaphunzire kunyengerera zidakwa m'masabata asanu ndi atatu? Akalephera palibe kubwereza, ndi kochapira basi, kukapinda mapilo mpaka kupuma ntchito.

"Mlongo wanga kulibe woti akulankhulireni, alamu. Ine ndikukutsinani khutu. Musataye bala chifukwa cha makani."

A Chete anatulutsa fomu ya Pulofesa m'thumba naiyang'ana. Anadziona atapachika setifiketi pakhoma, ataima pakauntala, makina akutsuka matambula kumbuyo kwawo, mlendo weniweni akumenyetsa tambula. Manijala sakanafunika kununkhiza pepala. Sabata imodzi yokha ikanamuonetsa.

"Uko aona zimene ndikudziwa," anatero. "Kuno aona zimene sindikudziwa."

"Ndiye mukagwa?"

"Ndigwere pano, pamaso pa mayiwa. Osati pamaso pa mlendo."

Anapatsa mlamu wawo fomuyo kuti awagwirire, nabwerera m'kati. Mayiwo anali atayambiranso kuyendera ophunzira, akukonza kagwiridwe ka botolo ka wina.

"Tibwereze," anatero a Chete.

Mayiwo anavala magalasi nawayang'ana, kenako anawavulanso n'kukwera pa mpando uja. Phewa linagwa, tambula inalira pa chitsulo.

Zaka zonse zija pa sinki, makutu a a Chete sanali pa tchuthi. Anamvapo mabamani ambiri akukaniza anthu mowa, ena mpaka kutulutsirana zibakera, ena mlendo n'kuchoka akuseka. Panali mkulu wina, anamwalira kalekale, amene sankayamba ndi mawu oti ayi. A Chete anaika kansalu pansi, manja onse awiri pa kauntala, nakweza mutu.

"Mayi, mwakhala nafe bwino lero. Ina sindithira. Imwani madziwa, ndikuitanireni galimoto."

"Ukudziwa kuti ndine ndani iwe?"

A Chete sanachotse manja pa kauntala.

"Ndinu mlendo wanga. Ndikufuna mudzabwerenso mawa."

"Galimoto ili kale panja," anatero mlamu ali pakhomo, "koma wosanza alipira kawiri."

Ophunzira anaphulika kuseka, ndipo ngakhale mayiwo anabisa pakamwa ndi chikhatho. Atatsika pa mpando anati mawuwo anali abwino, koma amene wawamva bwino ndi sinki. Bala yeniyeni ili ndi phokoso, ndipo mlendo amayang'anidwa m'maso, osati pa khutu. Akanakhala mayeso, akanagwabe, kungoti osati chagada ngati poyamba. Anawonjeza kuti kwa iwo msinkhu si chifukwa, aziwakweza pakauntala tsiku lililonse mpaka mawu atuluke, ndipo ophunzira anzawo azisinthana kukhala zidakwa, ntchito imene ena mwa iwo amaidziwa mokayikitsa.

"Ndiye mukuti masabata asanu ndi atatu akwana?" anafunsa mayiwo.

"Akwana."

"Mwatsimikiza bwanji?"

"Mawu ndili nawo. Sindinawagwiritsepo ntchito."

Mlamu anakanda m'mutu, nayang'ana fomu ya Pulofesa imene inali m'manja mwake, nati iye wasamba m'manja, ndipo kwa mwana wa mlongo wake akanena kuti anayesetsa koma mpando unakana kusuntha. Anafunsa ngati pepalalo alisunge, mwina mwake. A Chete anati alitaye. Mayiwo anatulutsa fomu yawo m'kabati nati gululi linayamba dzulo, tsiku limodzi laphonyeka kale, ndipo phunziro la lero latsala ola limodzi.

A Chete analemba dzina lawo pa fomuyo, nauza mlamu wawo kuti azipita, iwo abwerera pa basi. Kenako anatenga botolo la madzi ndi kakapu koyezera, nakaima pamzere ndi ophunzira anzawo.